Mashoki ndi masipuling'i a galimoto ya rally: ndigule ati kuti asandibweze pa mpikisano?

*"Akulu anga, ndine makanika kuno ku Chipata, ndili ndi kagalaja chakumbali kwa Kapata. Ndagula Toyota RunX ya 1.8 yokokera matayala akutsogolo, ndipo ndikufuna kuyamba nayo rally chaka chino m'gulu la ongoyamba kumene. Roll cage, mapaipi achitsulo oteteza anthu m'kati galimoto ikagubuduka, ndaika kale. Pepala la malamulo limene anandipatsa likuti mashoki ndi masipuling'i ndingasinthe, koma pomangirira pake pasasunthe. Wina ku Lusaka akundigulitsa ma coilover akale ochokera ku Japan, akuti ndi olimba kwambiri ndipo galimoto imatsika bwino. Mnzanga akuti ndisataye ndalama, ndingoika ma spacer kutsogolo ndi mashoki a Hilux kumbuyo. Ndalama ndi zochepa, ndipo ndikuopa kukabwezedwa tsiku la mpikisano. Ndiyambire pati?"*

Mbale wanga, khazikani mtima pansi. Mwafunsa ndalama zikadali m'thumba, ndiye palibe chawonongeka. RunX ndi galimoto yabwino yophunzirira: ndi yopepuka, injini yake sivuta, ndipo masipeya ake mumawapeza konkuno, kapena ku Lusaka, kaya kungodutsa pa Mwami kukafika ku Lilongwe. Koma malangizo awiri mwapatsidwawo, onse ndikuwakana. Ma coilover otsitsa galimoto (shoki ndi sipuling'i pamodzi, zokhala ndi mazinga osinthira msinkhu) anawapangira msewu wa tala, mashoki a Hilux anawapangira Hilux. Zifukwa ndifotokoza, koma tiyambe ndi pepala lija, poti ndilo lili ndi mawu omaliza pa chilichonse chimene mungamange pansi pa galimotoyo.

Kuno ku Zambia mipikisano ya magalimoto ili m'manja mwa Zambia Motor Sport Association, ZMSA, yomwe ndi membala wa FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse. Malamulo a FIA ali ndi mfundo imodzi imene ongoyamba ambiri amaiwerenga chozondoka. Iwo amati, "Sanaletse, ndiye ndichita." Pamene lamulo likuti chilichonse chimene sanachilole poyera ndi choletsedwa. Pepala lanu likakhala chete pa chinthu china, tinene anti-roll bar (chitsulo cholumikiza miyendo ya mbali ziwiri kuti galimoto isapendekeke kwambiri pokhota), kukhala chete kumeneko ndiye kukana. Chinthucho chikhale monga chinatulukira ku fakitale.

Magulu ambiri a magalimoto wamba anatengera nzeru zawo ku Group N ya FIA, yolembedwa mu Appendix J, Article 254, ndipo mawu a pepala lanu akumveka ngati ochokera kumeneko. Group N imalola shoki ya kampani iliyonse, bola chiwerengero chake, mtundu wake, kagwiridwe kake ka ntchito ndi pomangirira pake zisasinthe. Ndiye kuika mashoki awiri pa tayala limodzi sikuloledwa. Shoki ya gasi amaiwerengera pamodzi ndi ya mafuta, choncho kuchoka pa ya mafuta kupita pa ya gasi si mlandu. Masipuling'i mwamasuka nawo ndithu: utali, kunenepa kwa waya, kuchuluka kwa mizere. Amalolanso kulimbitsa pomangirira powonjezera chitsulo pa chakale. Koma mukaboola bowo latsopano, kusuntha bulaketi ngakhale pang'ono, kapena kumanga mkono wa galimoto ina, mwatuluka m'gulu.

Izi ndanena kuti muone kaganizidwe kake. Chimene chidzakuweruzeni ndi malamulo a gulu lanu a chaka chino, pamodzi ndi malamulo apadera a mpikisano umene mwalembetsawo, ndi zidziwitso zimene okonza mpikisano amatulutsa tsiku likamayandikira. Pepala la chaka chatha limene mnzanu anasunga mu foni musalidalire. Pamene pamasiyana kawirikawiri ndi apa: mashoki okhala ndi kabotolo ka mafuta kapadera, top mount (chomangira shoki ku bodi pamwamba) yosinthira camber, kutanthauza kupendekera kwa wilo mkati kapena kunja, mabushi achitsulo m'malo mwa a labala, ndi anti-roll bar. Pa zinayi zimenezi lembani uthenga kwa wamkulu wa ma scrutineer, aja amayendera magalimoto mpikisano usanayambe. Ikanipo chithunzi ndi nambala ya chitsulocho, ndipo yankho lake mulisunge. "Aa, zili bwino, bwerani nazo" wa pakamwa sakuthandizani mnzanu akakadandaula mutamupitirira. Zotsatira zake zimawawa: akhoza kukukwezani gulu kuti mukalimbane ndi ma Subaru Impreza ndi ma Lancer Evo, akhoza kukukanizani kunyamuka, kapena kukulandani malo mutamaliza kale mpikisano wonse.

Tsopano ma coilover aja. Wogulitsayo sananame, ndi olimbadi ndipo galimoto imatsikadi. Vuto ndi lomwelo. Ma coilover a achinyamata a m'tauni nthawi zambiri amabwera ndi sipuling'i ya makilogalamu 8 kapena kuposa pa milimita iliyonse kutsogolo, ndipo shoki yake ndi yaifupi, imangoyenda pang'ono. Pa tala losalala zimenezo zimathandiza kuti galimoto isapendekeke pokhota. Koma ganizani misewu yafumbi ya chaku Chadiza ndi Vubwi mwezi wa September, mabampu atandandalikana ngati malata, apa dzenje, apo ngalande imene mvula inakumba. Tayala limakhota, kugwira buleki ndi kukoka pokhapokha lili pansi. Likakhala m'malere, chiwongolero chili m'manja mwanucho chilibe ntchito. Galimoto yolimba miyendo imadumpha ngati ngolo yopanda katundu ng'ombe zikathamanga, ndipo mphamvu yonse imene sipuling'i yakana kumeza imapita ku bodi, ku galasi lakutsogolo ndi ku msana wanu. Galimoto ya pafumbi imafuna miyendo yoyenda mtunda wautali mmwamba ndi pansi, sipuling'i yofewerapo, ndi shoki yamphamvu yoigwira sipuling'iyo kuti isavine.

Palinso za ukalamba wake. Coilover yakale simudziwa kuti mkati mwake mwatsala chiyani. Mazinga ake fumbi likalowa amagwirana, osazunguliranso. Mabulaketi ake apansi ndi opyapyala poti sanawapangire kugunda miyala. Ikatulutsa mafuta, masilo ake kuno simuwapeza. Coilover payokha si yoipa, mashoki enieni a rally nawonso ndi ma coilover. Koma a pafumbi ndi a patala ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale pa chithunzi zikuoneka zofanana.

Za Hilux sindichedwapo. Shoki yake yakumbuyo anaichunira masipuling'i a mapuleti ndi ekiselo yolemera ya galimoto yonyamula katundu. Kumbuyo kwa RunX ndi kopepuka, ndiye shoki imeneyo idzaumitsa kumbuyo konse, galimoto izingotaya matako pa bampu iliyonse. Utali wake ndi wina, ndipo shoki ikatalika kuposa malo ake imafika pothera bump stop (kalabala kotchinga kuti shoki isafinyike mpaka kumapeto) isanagunde, mapeto ake imapindika kapena kuboola bodi. Kuti ilowe muyenera kuwotcherera bulaketi yatsopano, chimene pepala lanu laletsa poyera. Ma spacer nawo amakweza bodi koma sawonjezera mayendedwe a tayala ngakhale milimita imodzi. Akanenepa amapendeketsa ma CV joint (mfundo za ndodo zozunguza mawilo akutsogolo) ndi ma ball joint mpaka kutha msanga, ndipo scrutineer wina akhoza kunena kuti mwasuntha pomangirira. Kudula sipuling'i kapena kuitenthetsa ndi moto wa gasi, kumene ndimakuona m'magalaja ena, musayerekeze. Yodula imafupika n'kuuma, yotenthetsa imafooka ndipo tsiku lina imathyoka.

Ndiye ndalama zochepazo ziyambire pati? Ine ndikanayamba ndi zinthu zosasangalatsa kugula. Ikwezeni galimotoyo, mugwedeze chilichonse: mabushi a mikono yakutsogolo, ma ball joint, ma tie rod end, ma rack end, ma top mount, mabering'i a mawilo, ndi mabushi awiri akuluakulu a chitsulo chopingasa chakumbuyo. Ma RunX onse ndi akale tsopano, anasiya kupangidwa cha m'ma 2006, ndipo labala wa zaka zimenezo watopa ngakhale akuoneka wamoyo. Shoki yodula pa mabushi otha ndi kutaya ndalama. Inu ndinu makanika, mukudziwa kale, komabe ndikumbutse poti anyamata a m'galaja amaiwala: mabawuti a mabushi amamangitsidwa galimoto itaima pa matayala ake. Mukawamangitsa ili pa jeke, labala amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo sachedwa kung'ambika. Mabushi a polyurethane, aja ofiira ndi achikasu, pa fumbi lathuli sindiwakonda kwenikweni. Mchenga ukasakanikirana ndi girizi umawadya. Labala wolimbirapo amapirira bwino, ngati gulu lanu likumulola.

Zikatha zimenezo, ndalama yaikulu ipite ku mashoki, ndipo apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pamene mpikisano wa ongoyamba umathera. Ntchito ya shoki ndi kusandutsa kugwedezeka kukhala kutentha. Pisitoni imakankha mafuta kudutsa m'timabowo, mafutawo n'kumatentha. Pa ulendo wamba amapeza mpata wozizira. Pa mabampu a malata, mukuthamanga makilomita 15 kapena 20 osapuma, mwezi wa October dzuwa lili pamutu, shoki imatha kupitirira madigiri 100. Shoki wamba ya mapaipi awiri, imene amati twin tube, mafuta ake amasakanikirana ndi mpweya n'kuchita thovu, ndipo thovu siligwira kanthu. Ndiye mudzaona galimoto imene inanyamuka bwinobwino, pofika pakati pa siteji (chigawo cha msewu chimene mumathamangapo powerengeredwa nthawi) yayamba kuyandama, ikugunda pansi pa dzenje lililonse, ikukana kukhota. Dalaivala amadziimba mlandu, chonsecho ndi mashoki atopa. Akazizira amabwerera mwakale, n'chifukwa chake mukawayesa m'galaja madzulo mumawapeza abwinobwino.

Shoki ya paipi imodzi, monotube, ili ndi kapisitoni kena kolekanitsa mafuta ndi gasi wa nitrogen wopanikizidwa, choncho thovu silichitika msanga. Pisitoni yake ndi yaikulu, ndipo kutentha kumatuluka mosavuta poti mafuta akhudzana ndi paipi yakunja. Bilstein ndi dzina lodziwika pa mtundu umenewu. Pamwamba pake pali Reiger, Öhlins ndi Proflex, a kabotolo kapadera ndi tosinthira tambirimbiri. Amenewo ndi a anthu olimbirana ukatswiri wa Africa. Dziko lathu lili nayo mbiri kumeneko: Satwant Singh anatenga chikho cha African Rally Championship kasanu ndi katatu, Muna Singh anachitenga mu 2004 ndi 2005, ndipo Leroy Gomes mu 2022 pa Ford Fiesta. Koma seti imodzi ya mashoki a galimoto ngati Fiesta imeneyo imaposa mtengo wa RunX yanu yonse, ndipo chaka choyamba simungathe n'komwe kumva kusiyana kwa tosinthira take. Monotube yosasinthika, yochunidwira fumbi, yotheka kuitsegula ndi kuikonzanso, ikukwanirani. Ngati nayonso thumba likukana, gulani mashoki a gasi atsopano a kampani yodziwika monga KYB, mugule ndi ena apadera, muziyendetsa modziwa kuti atopa msanga. Muonetsetse kumene mukugula, poti mashoki achinyengo ovala mayina a makampani akuluakulu ali mbwee pa msika. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani.

Ndalama zikangokwana mbali imodzi, yambani kutsogolo. Kutsogolo kwa RunX kuli MacPherson strut, kutanthauza kuti shokiyo ndiyonso mwendo wogwira wilo kuti liime chilili. Injini ili komweko, buleki yaikulu ili komweko, ndipo dzenje limayamba kukumana ndi kutsogolo. Strut wamba imapindika pamwamba pa mabawuti awiri apansi, mudzangoona wilo lapendekera mkati. N'chifukwa chake ma strut a rally ambiri ndi ozondotsa, paipi yonenepa ili pamwamba kuti ipirire kukankhidwa cham'mbali. Group N imalola kusintha strut yonse bola yatsopanoyo igwire ntchito mofanana ndi yakale ndipo imangidwe pamalo omwewo. Kumbuyo kuli torsion beam, chitsulo chopingasa chija, shoki sigwira wilo, imangoletsa kuvina, ndiye kumeneko mukhoza kupirira ndi yotsikirapo mtengo kwa kanthawi.

Masipuling'i musagule musanayeze galimoto. RunX yopanda kanthu imalemera pafupifupi makilogalamu 1,100, koma yanu si imeneyonso. Mwachotsa mipando yakumbuyo ndi makapeti, mwaika roll cage, muikanso chitsulo choteteza sampu, tayala lapadera, jeke, chozimira moto, ndi anthu awiri ovala zipewa. Ikani zonsezo, thirani mafuta theka la thanki, mukhalemo inu ndi navigeta wanu, wina ayeze. Masikelo enieni a ntchitoyi akasowa, sikelo yapansi yoyezera matumba a chimanga kapena soya, yopirira makilogalamu 500, imathandiza: tayala limodzi pa sikelo, atatu enawo pa matabwa ofanana msinkhu ndi sikeloyo, pamalo osapendekeka. Manambala anayi amenewo ndiwo mupatse wogulitsa masipuling'i. Amene akugulitsani osafunsa kulemera kwa galimoto ndi mtundu wa msewu, akungofuna ndalama yanu. Pa galimoto ngati iyi ine ndimafuna sipuling'i yotalikirapo ndi yolimbirapo pang'ono kuposa ya fakitale, yokweza galimoto mamilimita 20 mpaka 30. Kupitirira apo ma CV joint amayamba kulira ndipo galimoto imayamba kuopseza kugubuduka pokhota. Muonetsetse kuti mukaikweza pa jeke, wilo likulendewera, sipuling'i isagwedere pa mpando wake. Komanso galimoto ikaima payokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mayendedwe a shoki likhale lotsalira kuti wilo lithe kutsikira m'dzenje. Mukaikweza mpaka shoki yatambasuka yonse, mudzamva kugogoda pa bampu iliyonse ndipo tayala lizisiya nthaka.

Bump stop ndi kanthu kotsika mtengo kamene anthu amakataya. Ikani atsopano, aataliko, ofewa poyamba n'kumalimba akamapanikizika. Mukatera kuchokera m'malere, ndiwo amapulumutsa shoki ndi bodi.

Mashoki amphamvu amasamutsira nkhondo ku bodi. Pamwamba pomangirira ma strut akutsogolo pamatukumuka ngati simunapalimbitse, ndipo ming'alu imayambira pa mabowo a mabawuti atatu aja. Mbale yachitsulo yotsatira maonekedwe a pamalopo, yowotcherera bwino, ndiyo mankhwala ake, pamodzi ndi kuwotcherera timizere tifupitifupi m'misoko ya bodi ngati pepala likulola. Mikono yapansi yakutsogolo amaitsekanso ndi mbale kuti isapindike. Apa akatswiri amasiyana maganizo, ndipo ine ndili kumbali ya osalimbitsa mopitirira. Mukagunda chitsa, chinachake chiyenera kugonja. Bola mkono upindike, mugule wina mawa, kusiyana ndi kuti mkono upirire koma bodi ikhote. Pa knuckle (chitsulo chonyamula wilo lakutsogolo), pa tie rod ndi pa chilichonse cha chiwongolero, moto wowotcherera usayandikire. Chopindika pamenepo ndi chotaya.

Anti-roll bar isiyeni ya fakitale chaka choyamba, ngakhale atakulolani kusintha. Yonenepa kutsogolo imanyamula tayala lamkati pokhota, mphamvu ya injini n'kumathera m'fumbi. Yonenepa kumbuyo imathandiza galimoto yokokera kutsogolo kukhota, inde, koma imatembenuza munthu wosazolowera pa liwiro lalikulu. Alayimenti ikhale yofatsa: camber yopendekera mkati digiri imodzi kapena imodzi ndi theka kutsogolo, toe (kuloza kwa mawilo mkati kapena kunja mukawayang'ana kuchokera pamwamba) ya ziro kapena yotsegukira kunja milimita imodzi kapena awiri. Kumbuyo kulibe zosinthira, ndiye manambala akumeneko akasokonekera dziwani kuti chitsulo chopingasa chapindika. Ndipo zonsezi muzichite mutavala kale matayala a mpikisano. Matayala a rally a pafumbi, amene nthawi zambiri ndi a mainchesi 15, ali ndi m'mbali molimba kwambiri, ndipo amasintha kamvekedwe konse ka galimoto.

Poyesa, chonde musapite pa msewu wa anthu. Kwathu kuno njinga ndi zambiri, zina zanyamula makala, zina munthu kumbuyo, kuli ana a sukulu, mbuzi, ng'ombe. Pemphani mwini pulazi akubwerekeni kamsewu ka mkati, muike anthu kumapeto onse awiri, muvale chipewa ndi malamba. Mangani cable tie pa ndodo ya shoki iliyonse, muitsitse pansi, muyende, mubwere muone pamene yakankhidwira. Ikafika pothera pa bampu wamba, sipuling'i yafewa kapena galimoto yatsika. Ikangoyenda theka pa msewu woipa, mwaumitsa. Kumbuyo kukamakankha mmwamba mukadutsa bampu, shoki yakumbuyo ikulephera kugwira sipuling'i pobwerera. Galimoto ikamanka nitsika pa mabampu otsatizana mpaka kuuma, ndiye kuti shoki ikugwira mopitirira, sipuling'i sikupeza mpata wotambasuka. Mukaima, yandikizani dzanja pa shoki iliyonse osaikhudza. Zonse zikhale zotentha. Imene yazizira pakati pa zinzake zotentha yafa. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi ndipo lembani m'kabuku, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Pali malo pamene ngakhale makanika wodziwa ayenera kuitana mnzake. Monotube musaitsegule nokha, gasi wake ndi wopanikizidwa kwambiri moti akhoza kukuvulazani, ndipo kuidzazanso kumafuna nitrogen ndi zida zake. Itumizeni kwa odziwa ntchitoyo ku Lusaka kapena ku Johannesburg, ndipo funsani za zimenezi musanagule, chifukwa shoki yopanda woikonza ndi ya chaka chimodzi. Mukaona mng'alu pafupi ndi mapazi a roll cage kapena pomangirira strut, auone munthu wodziwa kuwotcherera ma roll cage, ndipo scrutineer adziwe musanaphimbe ndi penti. Galimoto ikamakokera mbali imodzi mutasintha zonse, kayezetseni bodi. Inunso, mukatera mwamphamvu n'kumva msana kuwawa kosatha, kapena dzanzi m'miyendo, pitani kuchipatala, musadikire kuti zitha zokha. Kumbukiraninso kuti pakati pa masiteji mumayenda pa msewu wa boma, ndiye fitinesi ya RTSA, msonkho wa msewu ndi inshuwalansi zikhale zamoyo.

Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka pa Great East Road ndi makilomita oposa 550, ulendo wautali kwambiri kuti mukamve kuti top mount yanu siloledwa. Kukatsala masabata awiri kapena atatu, jambulani miyendo yonse inayi mawilo atachotsedwa, pamwamba pa ma strut, ndi paliponse mwawotcherera, mutumize kwa scrutineer. Akakayikira kanthu, nthawi yobwezeretsa cha fakitale ikhala ilipo. Zakale zimene mwachotsazo musagulitse: ma strut awiri akutsogolo, mkono umodzi wa mbali iliyonse, ma tie rod ndi ma ball joint zikwere nawo m'galimoto ya sevisi, pamodzi ndi malisiti ndi yankho lolembedwa lija. Mabawuti onse a miyendo muwalembe kamzere ka penti mutawamangitsa, kuti pa sevisi, mphindi zili zochepa, mnyamata wanu angoyang'ana n'kudziwa limene lamasuka.